Mlonda wa Mbozi za a Haji Elnour

Ku Gezira, pa ngalande yaikulu
12 Ogasiti 2017

Make Tayseer, Mastoura wanga,

Mtendere ukhale nawe. Ine kuno ndili bwino, ndanenepa moti lamba wandikana, ndipo ndikamayenda nthaka imadandaula. Kaya iwe ndi mwanayo? Mwendo wa amayi uli bwanji? Moni kwa onse, ngakhalenso kwa iwe mlamu wanga Gibril amene ukumuwerengera mlongo wako kalatayi. Werenga mokweza, ndipo usadumphe mizere yotamanda ine.

Ndikulemba pa pepala chifukwa kwathuko foni imagwira pokhapokha munthu atakwera ngamila, ngamilayo itakwera chulu. Ndapatsira Hamad wa lole mapaundi 300. Ugule shuga, sopo ndi mafuta opaka amayi. Otsalawo usamuonetse Gibril.

Za thirakitala ndinkanena zija uzisiye kaye. Ndapeza ntchito yoposa pamenepo, ya anthu ophunzira. Kuno akulima thonje latsopano lomwe mankhwala ake ali m'kati mwa tsamba momwe, linabadwa nawo. Mbozi ikaluma, mimba imatseka, mawa lake yauma. Ndaona ndi maso angawa: ina inangonunkhiza n'kugwa chagada, miyendo yonse m'mwamba.

Abwana anga ndi mayi, a Dokotala Ikhlas a ku kafukufuku ku Wad Medani. Si dokotala wa anthu, musawatumizire mwendo wa amayi. Iwo ntchito yawo ndi kufufuza ngati mbozi zayamba kulizolowera thonjeli, ndipo maso awo m'minda ya mudzi uno ndine. Anasankha ine pakati pa anthu mazana. Chabwino, tinalipo atatu, koma awiriwo ankaopa mbozi.

Tsopano tamva nkhani yeniyeni. Munda waukulu pa yonse yomwe ndimayendera ndi wa a Haji Elnour, munthu wa ndevu zoyera ndi dzanja lotambasuka. Andipatsa malo kuseri kwa khola lawo, pafupi ndi mpopi, kuti ndimange chipinda. Kumsasa wa aganyu tilipo asanu ndi atatu m'chisakasa chimodzi, mkazi sangakhalemo. Chipinda chikangotha, iwe ndi Tayseer mukubwera. Zaka zitatu zoonana ngati alendo zakwana.

Ndine mwamuna wako wosowa m'dziko lonse,
Ishag

5 Seputembala 2017

Make Tayseer,

Mtendere. Ndili bwino, kupatula msana womwe ukundiimba mlandu chifukwa choumba njerwa madzulo aliwonse. Ndasangalala kumva kuti Tayseer wamera dzino lina. Umuuze alume amalume ake.

Idi ndinadyera kwa a Haji. Anandikhazika pa thireyi imodzi ndi ana awo aamuna, n'kunding'ambira okha chiwindi cha nkhosa, amvekere, “Idya mwana wanga, pano ndi pakwanu.” Ndinadya mpaka nkhosa zotsala m'khola zinayamba kundiyang'ana mwamantha.

Gibril, ndamva kuti ukulengeza pamsika kuti mlamu wako ndi mbusa wa mbozi. Tsegula makutu akowo ndikuphunzitse. M'mbali mwa munda uliwonse muli mizere ya thonje lakale lija lopanda mankhwala. Mmenemo sitipopera, sitipha kanthu, mbozi zimadya mwaufulu ngati pa ukwati. Nanenso poyamba zinandizunguza mutu, ndiye ndinafunsa.

“Adokotala, kodi mbozizi zinakuchitirani zabwino zanji?”

Anaseka n'kuti, “Bambo a Tayseer, pa mbozi zambirimbiri, imodzi imabadwa ndi mimba yachitsulo, thonje latsopano siliipha. Ikasanduka gulugufe n'kukwatirana ndi yachitsulo inzake, ana onse amakhala achitsulo, mbewu yathu yathera pomwepo. Koma ikakwatira yofooka ya m'mizere yakaleyi, ana ake akaluma amafa.”

“Ndiye kuti ine pano ndine nkhoswe?”

“Ndinu nkhoswe. Muonetsetse kuti akwatibwi ofooka asasowe.”

Wamva, Gibril? Ine ndimakwatitsa zikwi pa sabata. Iwe wekha wakanika kudzikwatitsa.

Anandipatsa mabotolo awiri. La chivindikiro choyera ndimaikamo mbozi za m'mizere yakale, n'kupita nazo zamoyo ku Medani kuti akaziyese. La chivindikiro chofiira ndi la mbozi yomwe ndingaipeze yamoyo, yonenepa, m'thonje latsopano. Limenelo silinaonepo mbozi, moti ndikusungiramo shuga.

Chonditopetsa ndi alimi. Aliyense akandiona amayamba nyimbo imodzi. A Haji dzulo anaima pa mizere yawo n'kumagwedeza ndodo: “Madzi ndilipire ine, feteleza ine, kupalira ine, kudya zidye mbozi? Alendo anji osapereka ndi moni womwe?” Komatu anasaina okha ndi kampani yowakongoza mbewu kuti mizereyo ikhalapo. Ine ndimangoseka nawo, nanga ndingatani, malo ndi awo.

Chitowe chija musachedwe kupalira. Mbuzi yakuda musaigulitse, ili ndi ntchito yake kutsogoloku.

Ishag

9 Okutobala 2017

Mastoura,

Mtendere ukhale nawe ndi mwana. Malungo anandigwira pang'ono koma anazindikira kuti alakwitsa munthu, anathawa okha. Ndatumiza 200 yokha. Usafunse. Malata akwera mtengo kawiri mwezi umodzi, ngati akuwapanga ndi siliva.

Sabata yatha ndinapita ku Medani ndi mbozi. Ntchito iyi, mkazi wanga, ilibe ulemu. Mbozi sizifuna dzuwa, sizifuna kugwedezeka, ndipo ukaziika pamodzi zimadyana ngati abale pa chuma cha masiye, ndiye iliyonse ndimaipatula ndi katsamba kake. M'basi ndinakumbatira botolo ngati khanda. Mayi wina wonenepa pambali panga anasuzumira, akuti, “Mwana wanga, ngati ndi njala nena, ndili ndi buledi wa kisra m'thumbamu.” Basi yonse inafa ndi phwete. Kondakitala anati zilipire mpando. Ndinamuuza kuti izi ndi mbozi za boma, zikafika zitakwiya adzayankha yekha.

Ndinagona kumeneko masiku angapo kuthandiza kutsuka mabotolo. Pobwera ndinapeza mizere yakale ya m'munda mwa a Haji kulibe. Yazulidwa yonse, m'malo mwake mwawokeredwa anyezi, obiriwira bwino, othiriridwa kale.

Ndinapita kukawaona. Anali pa mkeka akumwa khofi.

“A Haji, nanga akwatibwi anga?”

“Khala pansi, mwana wanga. Imwa kaye.”

“Adokotala akandifunsa ndidzati chiyani?”

“Adokotala ali ndi minda mazana, adzafika liti kuno? Iwe wadya mchere wa m'nyumba mwanga. Mulungu anapatsa diso chikope kuti nthawi zina lizitseka.”

Tsiku lomwelo ananditumizira mitengo ya denga, yowongoka, yosadyedwa ndi chiswe, ulere. Anzanga akumsasa akuti ndisadabwe: chaka chilichonse a kampani akangodutsa kuona, mizere imazulidwa, ndipo si a Haji okha. Ndiye ine miyezi yonseyi ndimalondera chiyani?

Zina tidzakamba ukabwera. Makoma afika pa zenera. Zenera lake ndalilozetsa ku ngalande kuti mphepo izikupeza.

Ishag

2 Novembala 2017

Make Tayseer,

Moni. Ndili moyo. Inu mukhale bwino.

Shuga ndamuchotsa m'botolo lofiira.

Lolemba ndinang'amba chipatso cha thonje latsopano pakati penipeni pa munda wa a Haji, n'kupeza mbozi ili phee m'kati, yonenepa, yonyezimira ngati mwana wa mwini sitolo. Ndinaigwedeza kuti mwina ikufa. Inandiyang'ana n'kupitiriza kudya. Ndinang'amba china, ilimo. China, ilimo. Ndinakhala pansi pa mzere pomwepo, dzuwa likundiwotcha pamutu, osalimva.

Ndinawaonetsa a Haji poyamba, chifukwa ulemu umatero. Anaziyang'ana n'kuti:

“Uziike m'botolo loyera.”

“Loyera ndi la mizere yakale, a Haji.”

“Mbozi ili ndi chiphaso? Yalembedwa pamphumi kumene yachokera? Ukapita ndi lofiira, mawa galimoto ili pano, aona anyezi, kampani indimana mbewu chaka chamawa. Ukufuna ana anga adye chiyani? Nanga iweyo, denga ukufuna kapena sukufuna?”

Ndinatseka botolo lofiira n'kubwerera nalo kumsasa.

Mbozizo ndikadali nazo. Ndikuzidyetsa masamba a thonje latsopano lomwelo, ndipo m'malo mofa zikunenepa kundiposa. Adokotala amandilipira kuti ndiziona. A Haji anandidyetsa kuti ndisaone. Maso ndi awiri okha, ndipo onse ali pa mutu umodzi.

Gibril, usayambe kundilangiza, ndakumva kale uli konko.

Mbuzi yakuda ija tsopano igulitseni, koma osachepera 900. Ndalamayo ndi ya ulendo wako. Ugulenso nsapato za mwana, kuno kuli minga. Mchewere wako ukakolola umusiyire Gibril gawo lake, wotsalawo umange m'matumba ubwere nawo. Kuno kugula chakudya ndi kulira.

Ishag

20 Novembala 2017

Mastoura, duwa la ku Kordofan konse,

Mtendere, madalitso ndi chimwemwe! Ndili bwino moti ndikhoza kunyamula ng'ombe. Uza amayi kuti anabereka munthu wanzeru kuposa oweruza onse a ku Khartoum. Nkhani ija ndaithetsa, ndipo palibe amene ndamulakwira.

Tamva mmene ndinachitira. Ndinaganiza kuti: kodi ndi ndani pa dziko lino anayamba wakhulupirirapo Ishag? Iwe ndikati ndinaona njoka yotalika ngati chingwe cha pachitsime, umati kanali kabuluzi. Kumsasa ndikayamba kulankhula amayala mikeka kuti aseke bwino. Ndiye ndinati, chida changa ndi chomwechi.

Ku Medani ndinapita ndi botolo loyera lokha, la mbozi za m'minda ina momwe mizere ikadalipo. Lofiira ndinalisiya. Adokotala akulandira, anafunsa mwa masiku onse kuti kuminda kuli bwanji.

Ndinati, “Adokotala, musafunse! Kwa a Haji Elnour kwabuka mbozi zonga mkono wa mwana. Zikudya thonje latsopano n'kumaitanitsa tiyi. Ina inandilanda nsapato, ndabwera ndi yobwereka. Mizere yakale inaiona kuti ndi chakudya cha amphawi, inalamula kuti mudzalidwe anyezi.”

Anyamata otsuka mabotolo anagubuduka ndi kuseka, wina mpaka anakhala pansi. Waona nzeru? Kwa Adokotala ndanena zoona zonse, malipiro anga ndi oyera. Kwa a Haji sindinaulule kanthu, chifukwa zonena Ishag ndi mphepo. Mchere wawo sindinautaye. Pa tsiku la chiweruzo mbali zonse ziwiri ndili ndi yankho.

Adokotala sanaseke kwambiri, koma ndi mmene alili, anthu a sukulu nthabwala zimawafika mochedwa. Anangofunsa kuti, “Mwati munda wa ndani?” n'kulemba, kenako anandipatsa ya basi.

Tsopano za ife. Denga lakwera! Mvula itati ibwere ingachite manyazi. Pansi ndazira bwino, ndagula bedi la zingwe ndi mbaula. Chipindacho ndi chachikulu moti ukaima pakhomo n'kuitana, wa kukhoma amayankha mawa. Hamad ndapangana naye: Lachinayi loyamba la Januwale akunyamulani pa msika wa ku Um Ruwaba, Lachisanu muli kuno. Umuveke mwana zofunda, pamwamba pa lole pamazizira. Mphika waukulu uja usausiye, ngakhale Gibril alire.

Ndine mwamuna wako, nkhoswe ya mbozi ndi bwenzi la onse,
Ishag

11 Disembala 2017

Make Tayseer,

Mtendere. Thupi lili bwino. Ndamva kuti mbuzi inagulidwa ndipo katundu wayamba kumangidwa. Chabwino.

Mkazi wanga, pa dziko pano pali anthu oopsa, ndipo oopsa kwambiri ndi amene amamvetsera.

Lachitatu m'mawa ndili pa mpopi ndinangoona fumbi. Galimoto yoyera. Munatsika Adokotala, atavala nsapato za m'munda, ndi bambo wina wa kampani ya mbewu. Sanafunse njira. Analowa m'thonje la a Haji n'kuyamba kung'amba zipatso, ine ndikuwatsata pambuyo ngati mbuzi yopita kokaphedwa. Chachitatu chomwe, mbozi ija ili phee. Kenako anafika m'mbali mwa munda n'kuima pa anyezi. Anyeziwo, Mastoura, anali atakula mokongola ngati akuchita dala.

A Haji anabwera ndi ndodo yawo, n'kuitanitsa tiyi, pakuti mlendo ndi mlendo ngakhale atabwera ndi mpeni. Tinakhala pansi pa mtengo tonse.

“Mwatiyendera mwadzidzidzi, mwana wanga,” anatero kwa Adokotala. “Wakutumani ndani?”

“Bambo a Tayseer ndi amene anandiuza. Muli ndi mwayi, a Haji, munthu uyu ali ndi maso.”

Ndinati, “Adokotala, inetu ndinkangocheza! Funsani aliyense, ine ndi wabodza wodziwika, kwathu mpaka ana amandidziwa!”

Anati, “Ndinachotsapo tiyi ndi nsapato. Zotsalazo ndinaona kuti n'zofunika kubwera.”

Zaka makumi atatu ndi zisanu ndakhala ndikulankhula pa dziko lino. Mayi anga sanandikhulupirirepo. Iwe sunandikhulupirirepo. Munthu woyamba kundikhulupirira ndi ameneyu, pa tsiku lomwe ndinkafuna asatero.

A Haji sanandiyang'ane. Anathira tiyi wina m'kapu yanga, mwaulemu, mpaka anasefukira.

Adokotala atenga mbozi zambiri, ndi zanga za m'botolo lofiira zomwe. Akuti sakudziwa ngati zilidi za mimba yachitsulo kapena mbewu ya a Haji inasakanikirana ndi yakale. Ayenera kuzisunga mpaka zibereke, ayese ana ake, ndiye yankho ndi miyezi iwiri. Miyezi iwiri! Mlandu wagwa lero, umboni ukubadwa chaka chamawa. Wa kampani uja sanadikire zimenezo, iye anangoona anyezi.

Kuchokera tsikulo a Haji ndikawapatsa moni amayankha bwinobwino, moni wathunthu, kufunsa ndi za amayi zomwe. Bola akanandilalatira. Koma ndi munthu wa Mulungu, mtima wawo utsika. Za chipinda sananene kanthu, ndiye pangano lathu lili pomwepo. Konzekani.

Ishag

2 Januwale 2018

Mastoura,

Mtendere ukhale nawe. Sindikudwala.

Usakwere lole.

Hamad ananyamuka kuno Lachinayi lapitali zinthu zisanachitike, ndipo foni yake sikugwira. Ya Gibril ndaimba mpaka chala chatupa. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi ya ku El Obeid kuti aisiye pa sitolo ya pamsika. Ndamupempha m'dzina la mayi ake.

Kampani yawachotsa a Haji pa ngongole ya mbewu ya chaka chino, pamodzi ndi alimi ena anayi omwe anapezeka kuti anazulanso mizere. Mudzi wonse ukudziwa kuti pakamwa pake ndi pa ndani. Lachisanu titatuluka mu mzikiti ndinapita kukasesa kuchipinda. Ndinapeza bedi ndi mbaula zili panja, zoikidwa bwino pa mthunzi. Pakhomo loko watsopano. Pa zenera ndinaona matumba a thonje mpaka kudenga.

A Haji anali pomwepo.

“A Haji, mkazi wanga akubwera sabata ino ndi mwana.”

“Mulungu awayendetse bwino.”

“Ndiye agona kuti?”

“Sindikukuthamangitsa, mwana wanga. Koma thonje nalo likufuna pogona, ndipo ilo silinandinenerepo kwa munthu.”

Ndinati njerwa ndinaumba ndine, malata ndinagula ndine. Anati malata ndikhoza kukazula thonje likagulidwa, koma dothi la njerwazo ndi lawo, ndipo mitengo ndikudziwa kumene inachokera. Sananame.

Ndabwerera m'chisakasa. Tsopano tilimo khumi, chifukwa otola thonje afika. Ndazungulira mudzi wonse kufuna chipinda cha lendi. Aliyense amandipatsa madzi akumwa, amandifunsa za kwathu, kenako amati chipinda chawo chalonjezedwa kwa m'bale.

Adokotala ndinawauza. Anadandaula kwambiri, akuti ndathandiza alimi a dera lonse ngakhale iwo sakudziwa, ndipo Julaye adzandifunanso. Ntchito ya nyengo ino yatha ndi mwezi wathawu. Kuyamikira kwawo ndakulandira, koma kulibe denga. Mawa ndiyamba kutola thonje ngati wina aliyense, kwa mlimi wa kutsidya kwa ngalande yemwe sanamvebe dzina langa.

Ngati kalatayi yakupeza, masula katundu. Mchewere ubwezere m'nkhokwe. Ndalama ya mbuzi ugule ina, ngakhale yaing'ono, Gibril akuthandize kusankha, pa mbuzi pokha ndiye amadziwa. Tayseer umuuze kuti bambo ake akumanga nyumba ina yoposa ija. Iye yekha ndi amene angavomere.

Koma ngati wakwera kale, ndiye kuti Gibril ukuwerenga wekha. Pinda pepalali, amayi usawawerengere. Ine Lachisanu ndikakhala pamene amaima malole, ndi bedi langa ndi mbaula, ndipo akatsika n'kundifunsa kuti nyumba yathu ndi iti, sindikudziwa kumene ndidzaloze.

Ishag